Nyama Imene Gong Taesik Anachedwa Kuwotcha

Masana a tsiku limene matimu a basiketibolo amasankha osewera atsopano, Gong Taesik anali pabalaza m'nyumba mwake ku Pohang, m'dziko la Korea, miyendo atayisanjika patebulo, mawondo onse awiri atawakulunga ndi matumba a madzi oundana. Mkazi wake, Miran, anakhala pansi n'kumasenda adyo m'beseni. Pa kanema pankaoneka anyamata a m'mayunivesite atakhala m'mizere, atavala masuti osawakhala bwino, aliyense akudikira kuti dzina lake litchulidwe.

"Ife tikufuna munthu wamtali," anatero Taesik. "Wamtali wathu Duman watha ngati makatani. Akamathamanga umachita kumva mabawuti akulira."

"Nanga mawondo awa salira?" anafunsa Miran osadzutsa mutu.

"Awa akupuma chabe, mayi a Sora."

Taesik anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Iye ndiye anali woyendetsa mpira wa timu ya mumzindawo, munthu amene amaunyamula kuchokera kumbuyo, n'kuona amene ali pabwino, n'kumugawira. Ntchito imeneyi anaigwira kuyambira ali mnyamata, ndipo ana ambiri a ku Pohang anakula akuganiza kuti mpira ndi Taesik anabadwira limodzi. Anali munthu wabwino, wosaumira, wokonda kuseka. Chilema chake chinali chimodzi: mpira ukalowa m'manja mwake, ankauona ngati mwana wake woyamba.

Nthawi ya timu yawo itakwana, mphunzitsi wawo, a Chae, anakwera pansanja n'kutchula dzina la Seol Yunho. Anaimirira kamnyamata kowonda, kamakutu oimirira, kochokera pachilumba cha Ulleung. Sikanali kakatali. Wolengeza ananena kuti nako n'koyendetsa mpira. A Chae anakaveka yunifolomu pamwamba pa suti, ndi chipewa kumutu, n'kukapatsa cholankhulira.

"Ndikuthokoza mayi anga amene andilera ndi nsomba zouma," anatero mnyamatayo. "Ndiponso ine ndakula ndi chithunzi cha a Gong Taesik pakhoma la kuchipinda kwanga. Sindikukhulupirira kuti ndikasewera nawo."

Miran anaseka mokondwa. "Mwamva, bambo a Sora? Muli pakhoma."

"Pakhoma amapachika anthu akufa," anayankha Taesik, n'kuzimitsa kanema.

Kuno kwathu wosewera watsopano sangolowa m'timu ngati mbuzi yolowa m'munda. Wamkulu amene amasewera malo omwewo ndiye amamulandira. Amagona naye chipinda chimodzi timu ikakhala paulendo, amamuphunzitsa zizindikiro za m'bwalo, ndipo sabata yoyamba isanathe amamutengera kukadya nyama ya nkhumba yowotcha patebulo. Wamng'ono amagwira mbaniro n'kumatembenuza nyama, wamkulu amalipira. Pamenepo m'pamene wamkulu amanena kuti, "Kuyambira lero uzinditi achimwene." Mawu amenewa asanatuluke, wamng'onoyo amangoti "akuluakulu," n'kumawerama ngati mlendo. Taesik ankaudziwa bwino mwambowu, chifukwa amene anamutengera iye kukadya nyama, kalekale, anali a Chae omwewa, nthawi imeneyo akadali wosewera.

Yunho atafika, anapita molunjika pamene Taesik ankamanga nsapato, n'kuwerama mpaka mutu kufika m'mawondo.

"Akuluakulu, ndine Seol Yunho. Chonde mundiphunzitse."

"Wauona," anatero Taesik, n'kupitiriza kumanga nsapato. (Anatanthauza mpando wa kumapeto, pafupi ndi chitseko, ndipo anauloza ndi mlomo.)

Sabata inatha, nyama osaoneka. Yachiwiri inayamba. Anyamata ena anayamba kunong'onezana, pakuti mwana wosiyidwa chonchi ndi manyazi a timu yonse. Amene analephera kupirira anali Bong Duman, chimphona chija Taesik ankati chatha. Iye ndi Taesik anali a zaka zofanana, ndipo analowa m'timu chaka chimodzi. Duman ankasewera pansi pa dengu, ndipo zoona zake n'zakuti liwiro linali litamuthawa. Manyuzipepala anali atamulembera kale mawu otsanzikana.

"Aise, mwana uja umudyetsa liti?" anafunsa Duman ali m'chipinda chosinthira.

"Ndine mayi ake?"

"Ndi wa malo ako."

"N'chifukwa chake. Unaonapo munthu akunola mpeni woti umuchekere yekha?"

Duman anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kupukusa chimutu chake. "Iwe ukakwiya umaoneka ngati agogo ako. Chabwino, ndimutenga ine. Ndili ndi njala kale."

Tsiku lomwelo Duman anatenga mnyamatayo kupita naye kumalo odyera a kuseri kwa msika. Akuti anadya mpaka mwini malo anatuluka kudzaona ngati kwabwera basi ya alendo. Kutacha, Yunho analowa m'bwalo akuitana kuti "Achimwene a Duman," ndipo Taesik anamva ngati wina wamuponda chala. Iye yemwe ndiye anakana, komabe zinamupweteka. Mtima wa munthu ndi wotero.

Kuyambira pamenepo awiriwo ankafika m'mamawa ena asanabwere. Duman sankadziwa zoyendetsa mpira, choncho anaphunzitsa mwanayo chokhacho chimene ankachidziwa, ndicho iye mwini. Anamuuza kuti dzanja lake lamanzere n'laulesi, kuti mpira wa m'munsi sangauwerame, kuti akamutchingira mdani azidikira pang'ono kuti chimthupicho chitembenuke kaye. "Usandiponyere pamene ndili," ankatero. "Uziponya pamene ndikafike mawa." Yunho ankaseka, koma zonse ankazisunga.

A Chae anaziona zonsezi ndipo tsiku lina anamuitanira Taesik mu ofesi mwawo. Sanazungulire.

"Taesik, mwanayu sindinamutengere kuti akuchotse. Ndamutenga kuti akhale miyendo yako. Iye azinyamula mpira, azithamanga, azilandira zigongono. Iwe uziima pakona. Akakupatsa, uziponya. Dzanja lako likadali labwino kuposa la wina aliyense muno. Ukatero usewera zaka zina ziwiri kapena zitatu."

"Pakona," anatero Taesik. "Ndiziima pakona ngati ambulera."

"Ambulera imafunika mvula ikagwa."

"Aphunzitsi, ine ndayendetsa timu iyi kuyambira mwanayo akuyamwa chala. Lero ndizidikira kuti andiganizire?"

"Ine ndinakupatsa mpira uli ndi makutu ngati akewo," anatero a Chae motsitsa mawu. "Sindinafe nazo."

Taesik anawerama mwaulemu n'kutuluka, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Anamva chabe kuti akumuuza kuti wakalamba. Pochita masewera okonzekera, a Chae akawaika awiriwo mbali imodzi, Taesik ankathamangira kumbuyo kukalanda mpira m'manja mwa mnyamatayo. Yunho, poti ndi wamng'ono, ankangoupereka. Zizindikiro za m'bwalo Taesik ankazipanga mofulumira dala, mwana n'kusokonezeka, iye n'kutambasula manja kuyang'ana kubenchi ngati akunena kuti, mwamuona munthu wanu? Madzulo ankabwerera kunyumba mawondo atatupa ngati mikate, n'kumakwera masitepe chammbali.

Kenaka inafika Chuseok, nthawi imene aliyense amapita kwawo kukadya zokolola zatsopano ndi kukawerama pamanda a makolo. Timu inapatsidwa tchuthi. Koma chaka chimenecho kunyanja kunawinduka mphepo, ndipo sitima zopita ku Ulleung zinaimitsidwa. Yunho anatsala yekha m'nyumba yogona osewera.

Miran anamva nkhaniyi kwa mkazi wa Duman. "Mukamutenge mwanayo adzadye kuno," anatero akuumba timikate ta ufa wa mpunga.

"Nyumba yathu ndi yaing'ono."

"Yakhala yaing'ono liti? Chaka chatha munabweretsa anthu asanu, wina anagona m'bafa."

"Sindikufuna, basi."

Miran sanakangane naye. Anadzaza timikate m'kabokosi, n'kukamanga pansalu, n'kumuika m'manja. "Ndiye mukangomusiyira. Mayi ake kuchilumbako sakudya bwino lero, ndikudziwa."

Taesik anayendetsa galimoto mpaka pa nyumba ya osewera. Anaima panja, injini ikulira. Pawindo la m'mwamba anaona malaya a mnyamatayo atayanikidwa. Anagwira chitseko kuti atsike, kenaka anaganiza kuti akagogoda adzanena chiyani, ndipo mwanayo akawerama n'kuti "akuluakulu" iye adzayang'ana kuti. Anamasula nsalu ija kuti angoona. Anadya kamodzi. Anadya kachiwiri. Mmene ankazindikira, munthu wamkulu, bambo wa mwana, anali atatsiriza timikate tonse ta mwana wa eni ali m'galimoto, ndipo sitinamukomere n'komwe. Ali pomwepo anaona galimoto ya Duman ikufika. Chimphonacho chinakuwa dzina la Yunho kuchokera pansi, ndipo mnyamatayo anatsika akuthamanga, kachikwama kali kumsana. Anapita naye kumudzi kwa mayi ake a Duman. Taesik anatsetsereka pampando kuti asamuone.

"Wakondwa?" anafunsa Miran atabwerera.

"Kwambiri," anatero Taesik.

Miran anayang'ana ufa umene unali pamalaya ake, n'kupitiriza ntchito yake. Kuyang'ana kwakeko kunamuwawa kuposa kukalipa.

Masewera omaliza okonzekera anachitika kutatsala masiku ochepa kuti ligi iyambe. Aliyense ankadziwa kuti akatha amenewa, a Chae atchula anthu khumi ndi awiri ovala yunifolomu pa tsiku lotsegulira, ndipo otsalawo apita ku timu yachiwiri, imene imasewera masana m'bwalo lopanda anthu. A Chae anawayambitsa onse awiri, Taesik ndi Yunho, ndipo asanalowe anamugwira Taesik paphewa. "Pakona," anatero.

Timu inayo inali ya anyamata amiyendo, ndipo inawapanikiza kuyambira kumbuyo. Yunho ankadzimasula, n'kutambasula manja kuti alandire mpira. Taesik ankamuona bwinobwino, koma ankaunyamula yekha. Ulendo woyamba anadutsa movutikira. Wachiwiri anamutsekera pakati anthu awiri n'kumulanda. Wachitatu anafuna kutembenuka monga ankachitira kale, mutu unatembenuka, koma bondo linakana, ndipo anakhala pansi mpira ukupita. Sanavulale. Kukanakhala kuvulala bwenzi anthu atamumvera chisoni. Anangokhala pansi, anthu onse akumuona.

A Chae anamutulutsa. Atakhala pabenchi, thaulo lili kumutu, anaona zimene sankafuna kuona. Mnyamata uja anautenga mpira n'kudutsa pakati pa adani ngati nsomba. Duman anamutchingira, Yunho anadikira pang'ono, chimthupi chija chinatembenuka, ndipo mpira unafika m'mwamba kudzanja lamanja, pamalo enieni. Duman anangouika m'dengu. Anachitanso chimodzimodzi, n'kuchitanso. Munthu amene manyuzipepala anamuika m'manda anagoletsa mpaka anayamba kuseka yekha akubwerera kumbuyo.

Mawa lake a Chae anatchula mayina. La Duman linalipo. La Yunho linalipo. La Gong Taesik panalibe, koyamba chilowereni m'timu.

Anthu atatuluka, Taesik anatsalira. "Ndiye mwasankha mwanayo," anatero.

"Ine ndinkafuna nonse awiri," anayankha a Chae, ndipo nkhope yawo inali yachisoni. "Iwe ndiwe wandiuza kuti m'bwalo simungakhale awiri. Ndakumvera."

Tsiku lotsegulira ligi linali Loweruka masana. Taesik anafuna kukhala kunyumba, koma Miran anamutulutsira jekete. "Munadya timikate ta mwana uja, mukamuwombereko m'manja," anatero. Anakhala m'mwamba pakati pa ochemerera, chipewa atachikokera kumaso. Ng'oma zinkalira, anthu akuimba mayina a osewera mmodzimmodzi, ndipo dzina lake silinaimbidwe.

Pakona paja a Chae anaikapo mnyamata wina wakhama koma wadzanja lolemera. Yunho ankalowa pakati, adani onse n'kumuunjirira, iye n'kuutulutsa mpira osayang'ana, kupita pakona. Unkafika pachifuwa chakumanja, pang'ono m'mwamba, pamene Taesik ankakonda kuulandirira moyo wake wonse. Mnyamata wa pakonayo ankachita kuukonza kaye, n'kuponya, n'kuphonya. Ulendo wina Miran anayang'ana pambali n'kuona manja a mwamuna wake atanyamuka okha pamiyendo, zala zitatambasuka, akulandira mpira umene unali kutali. Taesik anazindikira n'kuwabisa m'thumba. Apo m'pamene anamvetsa chimene anataya. Malo aja anali ake, a Chae anachita kumukonzera, ndipo mwanayo ankawatumizirabe mpira ngati mwini wake alipo.

Anapambana ndi mapointi ochepa, ndipo wosewera bwino wa tsikulo anali Duman. Atamupatsa cholankhulira anati, "Ine sindinachite kanthu. Ndili ndi mng'ono wanga amene amandiikira chakudya m'kamwa."

Osewera akutuluka, anapeza Taesik ataima pakhomo, manja ali m'thumba. Yunho anawerama msanga. "Akuluakulu."

"Wadya?"

"Ayi, akuluakulu."

"Tiye."

"Nanenso sindinadye," anatero Duman kumbuyo kwawo.

"Iwe sindinakuitane."

"Mwana ndi wanga. Sangayende ndi anthu osawadziwa."

Anapita atatu kumalo aja a kuseri kwa msika, dzuwa lisanalowe. Makala atabwera, Yunho anatola mbaniro monga mwa mwambo, koma Taesik anamulanda. Ulendo uno sikunali kulanda kwa m'bwalo. Anayala nyama yekha, n'kuitembenuza, n'kuidula ndi sizasi, utsi ukumulowa m'maso. Nthuli yoyamba kupsa anaikulunga m'tsamba pamodzi ndi adyo ndi kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, n'kuipereka kwa mnyamatayo.

"Mpira uja umaponya pakona," anatero osamuyang'ana, "anakuuza ndani kuti uziuponya pamenepo?"

"Palibe. Ndinkakuonerani pa kanema kunyumba. Mukaulandirira pamenepo simuphonya." Yunho anameza nthuli ija. "Ndimaiwala kuti simulipo."

Taesik anatembenuza nyama imene inali yotembenuza kale. Anati utsi wachuluka, ndipo Duman, mwa chifundo chake, anavomereza kuti wachulukadi.

"Timikate tako ta Chuseok ndinadya ine," anatero Taesik. "Mlamu wako anakupangira. Ndinadyera m'galimoto."

"Tinakuona," anatero Duman, m'kamwa muli modzaza. "Galimoto yako tonse timaidziwa. Mwanayu ndiye anati tisakuchititse manyazi."

Mnyamatayo anaweramitsa mutu, makutu aja atafiira. Taesik anaika mbaniro pansi, n'kuthira mowa m'katambula, n'kumupatsa. Yunho analandira ndi manja awiri.

"Kuyambira lero uzinditi achimwene."

"Inde, akulu..." Anaima, n'kuyambiranso. "Inde, achimwene."

"Lolemba m'mamawa, musanayambe zanu ndi chimphona ichi, ndibwera. Ndikaima pakona. Kaya a Chae andibweza, kaya sandibweza, zimenezo n'zawo. Zizindikiro zija ndikakuphunzitsanso pang'onopang'ono."

"Ukabwere ndi ambulera," anatero Duman, amene za mu ofesi muja anali atazimva kale, n'kutola nthuli yaikulu kuposa zonse. Taesik anafuna kuimenya ndi mbaniro, koma anaisiya. Inali ya Duman ndithu. Iye ndiye anayamba kumudyetsa mwanayo pamene panalibe chimene ankayembekeza, ndipo tsopano dzina lake linali kuimbidwanso m'bwalo, pamene Taesik ankayambira pansi, ku timu yachiwiri, ndi mawondo a zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

Taesik analipira, ndipo potuluka anatsamira paphewa la mnyamatayo potsika masitepe. Anachedwa kuzimva, koma anazimva, zimene akulu ananena kalekale: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.